Phazi Lobisika M'kabati ya Dokotala

Zirmbach, 6 Malichi 1912

Mlamu Ottilie,

Landirani moni wa kuno kumapiri. Ndikhulupirira muli bwino, monga momwe angakhalire munthu amene waika mwamuna wake m'manda milungu itatu yapitayo. Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akulongolola. Chipale chikadali pamutu pa mpanda.

Pepala la nyuzi lija munanditumizira ndinapita nalo kwa wansembe kuti andiwerengere, poti zilembo zake n'zonga nyerere. Alemba kuti Dokotala Severin Tollinger anawongola miyendo ya ana oposa zikwi ziwiri, ndiponso kuti pa maluwa a m'mapiri athu panalibe womuposa. Chabwino. Sanalembe kuti anabadwira m'khitchini muno, kapena kuti mayi atamwalira ndine ndinamlera, ine mlongo wake wamkulu. Mwamuika ku Graz pakati pa anthu a zipewa zazitali. Malo ake pambali pa bambo ndi mayi angokhala. Sindikudandaula, ndikungonena.

Tsono pali ntchito imene waisiya. M'chipinda chake cha maluwa, kabati ya kumanzere, dilowa ya pansi, muli phazi la chikhakha. Zaka ziwiri zilizonse ankalitengera kwa a Haberl osoka nsapato. Chaka chake n'chino. Litengereni, a Haberl akudziwa chochita. Nsapatoyo ifike kuno lisanakwane tsiku la Vito Woyera, pa 15 Juni, pamene ng'ombe zimakwera kumsipu wa pamwamba. Yakale yatha, chidendene chapindika. Mwini wake popanda nsapato sakwera phiri, ndipo akapanda kukwera, mwini ng'ombe apereka kanyumba ka kumsipu kwa mkazi wina amene wakhala akukalakalaka.

Ngati chipewa chake chobiriwira chija simukuchifuna, nditumizireni.

Mlamu wanu,
Notburga


Graz, 11 Malichi 1912

Mlamu wanga wokondedwa,

Zikomo chifukwa cha kalata. Pepani ndi mawondo. Ndatumiza chipewa pamodzi ndi mafuta opaka aja a Severin ankakupatsani. Ine ndilipo. Ndimadzuka, ndimaphika khofi wa anthu awiri, wina n'kutaya. Mabuku ndawasiya. Ndazindikira kuti zaka zonsezi sindinkadziwerengera ndekha, ndinkawerengera iwo, ali apo akumata maluwa awo pamapepala.

Za manda musandisungire kukhosi. Mtima wawo unaima ali chiimire m'chipinda chomangira chikhakha, manja ali mbuu ndi ufa wa chikhakhawo. Njira ya kwanu inali yosapitika. Mukanaona amayi amene anadzaza msewu tsiku la maliro! Ambiri anabwera ndi sizasi m'manja. Mwina simudziwa, mayi aliyense amene mwana wake wamangidwa chikhakha, a Severin ankampatsa sizasi n'kumuuza kuti, "Zala zikasintha mtundu, kapena mwana akalira kulira kwachilendo, dulani. Musandidikire. Chikhakha ndimanga china, koma phazi sindingapange lina." Madokotala anzawo ankawaseka, ati Tollinger amagula sizasi kuposa telala.

Phazi ndalipeza. Mlamu, ndakhala nalo pamiyendo nthawi yaitali. Ndi la kumanzere, la mkazi wamkulu, lopindika, la zala zitatu. Mapazi otere si achilendo kwa ine. Kwa zaka 26 ndine ndakhala ndikukonza mabandeji ndi kuthira ufa m'zikombole. Kuchipatala kuli mashelefu odzaza mapazi, lililonse ndi dzina lake, ndipo lililonse linadutsa m'manja mwanga. Koma ili sindinalithire ine. Lili ndi timabowo ta mpweya ponseponse. Analithira ndi a Severin okha. Munthu uja sankapirira pokandira ufa, ankafulumira ngati sitima ikumusiya. Dzina palibe. Pali timawu ta pensulo tolembedwa ndi dzanja lawo: "pano pamapweteka," "pano pafewe."

Ndipo linali lokulungidwa mumpango waubweya umene ndinawalukira chaka chathu choyamba. Anandiuza kuti unatayika m'sitima.

Ndi la yani? Sindikufunsa mwa chipongwe. Kungoti m'nyumba muno ndinkayesa kuti ndimadziwa dilowa iliyonse.

Mlamu wanu wokukondani,
Ottilie


Zirmbach, 17 Malichi 1912

Mlamu,

Moni. Chipewa chafika, chikadanunkha fodya wake. Mafuta nawo afika.

Phazi ndi phazi basi. Mwini wake ndi Apollonia Kogler, kuno timamuti Loni. Amakama ng'ombe ndi kupanga batala kumsipu wa pamwamba, chino n'chaka chake cha 17. Ndi wosakwatiwa. Severin akabwera mwezi wa Julaye ankagona kuno tsiku limodzi, kuonetsa nkhope, kenaka uyo, chitini chake cha maluwa kumsana, wa kumsipu. Ine amene ndinamtsuka matewera ndinkalandira tsiku limodzi, ndipo sindinalembere munthu kalata yofunsa.

Inu munali naye miyezi khumi ndi umodzi pa chaka. Umodzi wotsalawo mukuufuniranji? Mumawerenga mabuku ambiri, mlamu, n'chifukwa chake mutu wanu sukhala chete.

Kodi mwapita kwa a Haberl? Amafuna milungu isanu, ndipo ndi munthu wosathamangitsika.

Notburga


Graz, 29 Malichi 1912

Mlamu,

Moni. Ndikhulupirira mafuta akuthandiza. Kwa a Haberl sindinapite.

Ndakhala masiku khumi m'chipinda cha maluwa. Muli mapepala zikwi zisanu ndi zinayi, ndipo kale sindinkawagwira, ndinkangopukuta fumbi pamakabati. Anthu a zomera ali ndi mwambo wawo. Pansi pa duwa lililonse loumitsidwa amamata kapepala: dzina la duwa, malo, tsiku, ndi dzina la munthu amene analithyola. A Severin ankati kunama pa kapepalako n'chimodzimodzi kunama m'khoti. Choncho sananame. Kuyambira 1895, Julaye aliyense, pamapepala a kumsipu kwanuko alemba kuti, "Wathyola ndi Apollonia Kogler." Ndinawerenga mpaka mazana anayi, ndinaleka.

Ndapezanso magazini ya akatswiri a zomera ya 1903. Muli kaduwa koyera ka m'ming'alu ya miyala kamene panalibe amene anali atakalembapo. Wopeza duwa latsopano ndiye amalitcha dzina, ndipo dzinalo likasindikizidwa silifafanizika, ngakhale mfumu ya ku Vienna italamula. Anakatcha dzina la Apollonia m'Chilatini. Magaziniyo sanandionetse. Ine ndinawerenga ndi kukonza nkhani zawo zonse za mafupa, mpaka za chitsulo chowongolera msana chija chinawatchukitsa. Iyi yokha ndiyo inadutsa kuseri.

Palibe duwa la Ottilie, mlamu. Ndafufuza.

Ndinakwerapo nawo phiri kamodzi, titangokwatirana. Ankayenda ngati mbuzi, ine mpweya unandithera pamiyala yoterera, ndinakhala pansi n'kulira. Ananditsitsa mwaulemu, atandigwira dzanja, ndipo sanandiitanenso. Ndinkayesa kuti akundimvera chisoni. Chaka chilichonse ndinkawalongedzera buledi, nyama yowamba ndi mapepala oumitsira, n'kuwaperekeza kusiteshoni. Ankabwera atapsa ndi dzuwa, akuseka mokweza, ngati munthu amene wamasulidwa chingwe. Ine ndinkathokoza mapiri.

Ndiye mkazi wa zala zitatu ankafika kumene ine wa zala zonse ndinalephera.

Mwanena zoona kuti ndimawerenga kwambiri. M'mabuku mkazi wamasiye akapeza chinthu m'dilowa amadziwa tanthauzo lake. Ine sindikufuna kudziwira m'mabuku. Ndiuzeni inu. Anali ndani kwa amuna anga? Ndakhala ndikulira munthu wanga, tsopano sindikudziwa ngati ndikulira wanga kapena wa wina. Mukandiyankha, ndipita kwa a Haberl tsiku lomwelo.

Ottilie


Graz, 16 Epulo 1912

Mlamu,

Moni. Masiku 18 popanda yankho. Ndamva. Munthu akakhala chete pa funso lotere ndiye kuti wayankha.

Ndikulemba kuti mumve kwa ine zimene ndachita. Dzulo m'mawa ndinati nsanje yanga isalange munthu wolumala. Ndinavala, ndinatenga phazi lija kuti ndipite nalo kwa a Haberl. Ndili pamasitepe, dzuwa linawala pa ilo, ndipo ndinaona timawu tina pansi pake, pakati pa chidendene ndi zala, timene sindinatione kale. Alemba kuti, "Pano amaseka."

Zaka 26, mlamu. Sindikumbuka tsiku limene a Severin anagwirapo phazi langa.

Sindinganame kuti linapulumuka. Ndinalikweza ndi manja awiri n'kulimenyetsa pamwala wa pakhomo. Mayi woyandikana nafe anasuzumira pawindo n'kufunsa ngati ndaswa mbale. Ndinati inde. Ndinasesa zidutswazo n'kuziika m'mpango uja.

Ine amene sindinamenyepo ngakhale mphaka. Ndinkayesa kuti mtima ukhala pansi, koma ayi.

Muuzeni Apollonia wanuyo kuti apeze dokotala wina.

Ottilie


Zirmbach, 3 Epulo 1912

Mlamu Ottilie,

Moni. Kalata yanu ya pa 29 yandisowetsa mtendere. Ndinakuyankhani mokhadzula mwezi watha, ndipo ndinachita dala. Ndinafuna kuti nanunso mulaweko kukhala kunja kwa chitseko, monga ndinakhalira ine tsiku la maliro. Komanso nkhaniyi ikanenedwa, ine sindituluka woyera. Khalani pansi.

Mu 1884, musanadziwane, Severin anabwera kuno atangolandira pepala lake la udokotala. Mudzi wonse unamvulira zipewa. Loni anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mwana wa anthu oyandikana nafe, wobadwa ndi phazi lopindika. Ankathamanga nalo bwinobwino, kungoti mokhota. Severin anati, "Ndiliwongola lero lomwe." Analiwongola ndi mphamvu patebulo la m'khitchini muno, anamanga chikhakha mpaka kuphimba zala, m'mawa mwake anakwera ngolo kubwerera ku Graz. Anati chisakhudzidwe mpaka milungu isanu ndi umodzi.

Mwana analira masiku anayi. Tsiku lachiwiri bambo ake anabwera ndi mpeni wodulira zikopa, ati adule. Amene anaima pakhomo ndi ine. Ndinati, "Inu mwaphunzira kuti? Chamangidwa ndi dokotala wa ku Graz, mukufuna kuchidula ngati soseji? Kulirako ndiye kuchira." Anachita manyazi, anabweza mpeni m'thumba. Kuno chinthu chimene wagwira munthu wophunzira sitichikhudza. Tsiku lachisanu mwana analeka kulira, fungo ndilo linayamba. Zala ziwiri zinapita, ndipo phazi linauma.

Severin atamva anafuna kusiya udokotala. Anakhala m'khola la ng'ombe masiku atatu osadya. Loni ankati akamuona, kuthawira m'nkhokwe ya udzu. Zinamtengera zaka khumi ndi chimodzi kuti mtsikanayo alole kuti aligwirenso phazilo, ndipo chikombole analola kamodzi kokha, chimene chili kwa inucho. Chiyambire pamenepo Severin ankakwera kumsipu chaka chilichonse kukaona ngati nsapato ikumuluma. Zamaluwazo zinabwera chifukwa Loni amayenda pang'onopang'ono, maso pansi, ndiye amaona zimene othamanga amaponda. Severin ankagona m'khola la udzu pamodzi ndi mbuzi. Mudzi uno suphonya kanthu, chikanakhalapo china ndikanamva isanathe Misa.

Sanakuuzeni chifukwa munkamuyang'ana ngati munthu amene sanalakwepo. Anandiuza yekha: "Ottilie akadziwa, ndidzaona nkhope yake ikusintha, ndipo sindingapirire." Ndinamuti ndi wopusa. Koma nanenso ndinakondwa kuti pali kanthu kake kamene ndikudziwa ine, inu ayi.

Ndanena. Tsopano pitani kwa a Haberl.

Notburga

14 Epulo. Kalatayi yakhala kupositi masiku onsewa. Chipale chinagumuka m'phiri n'kukwirira msewu pamlatho wa kumunsi, ngolo ya makalata sinkadutsa. Akuti mawa kapena mkuja atsegula.


Graz, 20 Epulo 1912

Mlamu,

Kalata yanu yafika dzulo. Yanga idutsana nayo panjira, ndipo pofika pano mwaiwerenga.

Ndiye sizasi zija zinachokera kumeneko. Ndagawira amayi sizasi zoposa chikwi ndi manja angawa, osadziwa kuti ndikupepesa kwa mwana wa ku Zirmbach.

Ndinatenga zidutswa zija kupita nazo kwa a Haberl. Anaziyala patebulo, anavula magalasi, anati, "Mayi, ine ndimasoka nsapato, sindiumba miphika yosweka." Akuti popanda chikombole chatsopano sangayambe, ndipo chikapanda kufika pa 10 Meyi, za pa 15 Juni tiiwale.

Sindikupempha kuti mundikhululukire. Ndikupempha chinthu chimodzi. Chikombole ndimatha kutenga, ndipo pa ntchito imeneyo ndinkawaposa alongo anu. Iwo omwe ankavomera. Ndili ndi ufa, mabandeji ndi manja. Mufunseni Apollonia ngati angalole. Mumuuze zoona, kuti amene anaswa ndi ine, ndi chifukwa chake.

Koma ndisakunamizeni kuti nsanje yatha. Yangosamuka. Poyamba ndinkaopa kuti anali naye m'chikondi. Tsopano ndikudziwa kuti inu awiri munkadziwa munthu yense, pamene ine anandipatsa mbali yotsukidwa yokha.

Ottilie


Zirmbach, 26 Epulo 1912

Mlamu,

Moni, ngakhale moniyo akutuluka movutika. Makalata anu onse awiri ndalandira. Mwaswa! Munthu wa mabuku, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda, kuswa phazi la mnzake pamwala! Mukanaswa mbale zanu za ku Vienna zija mumatibisira tikabwera.

Mukudziwa chimene mwachita? Dokotala wa kuchigwa amangodziwa kuzula mano. Ndipo Loni, chichitikire zija, akangomva fungo la ufa wonyowa amatuluka thukuta ngati hatchi. Mwini ng'ombe wanena kale pakhomo pa tchalitchi kuti sangapereke ng'ombe makumi atatu kwa munthu woyenda ndi nsapato yong'ambika. Kanyumba kaja ndi kokhako kamene Loni amatseka chitseko chake yekha. Miyezi yozizira amagona pakona m'nyumba ya mchimwene wake, mkazi wa mchimweneyo akumuwerengera mbatata.

Loni ndamuwerengera kalata yanu monga munanenera. Anaseka mpaka kutsokomola. Walemba yekha, nayi.

Notburga

Mayi a dokotala,

Moni. Pepani ndi maliro. Ine ndinalira kukhola, poti kunyumba akanandifunsa kuti ukulira chiyani.

Akuti munachita nane nsanje. Zikomo. Ndili ndi zaka 35, ndipo palibe mkazi anandichitirapo nsanje.

Chikhakha sindichifuna. Koma phiri ndikulifuna. Bwerani, tidzaone chimene chidzapambane. Sindikulonjeza.

Mubwere ndi nsapato zenizeni, kuno n'kwamatope.

Apollonia Kogler


Graz, 9 Meyi 1912

Mlamu wanga,

Moni. Ndafika bwino kuchokera kwanuko, bokosi la chikombole lili pamiyendo ulendo wonse. Zikomo chifukwa cha bedi ndi msuzi, ndiponso ponditengera kumanda a makolo anu. Malo aja ndawaona. Tidzakambirana, mwina dzina la a Severin lilembedwe pamtanda umenewo, ngakhale thupi lili kuno.

Munakwiya pamene Loni anakutulutsani m'khitchini mwanu momwe. Munandifunsa kawiri zimene zinachitika. Nazi, kuti musakhalenso kunja kwa chitseko.

Mutatuluka anayang'ana tebulo lija nati, "Pamenepo ayi." Anakhala pabenchi pafupi ndi khomo. Ine ndinagwada pansi, ndinamuvula nsapato. Mlamu, phazi ndinkalidziwa ngati nkhope ya m'bale, koma lija linali lozizira, ili linali lofunda.

Anati, "Ndiye ndinu amene chikhakha chanu sichichita timabowo."

Ndinati, "Wakuuzani ndani?"

"A dokotala. Chaka chilichonse. Mkazi wanga akathira, chimatuluka ngati dzira. Mkazi wanga wawerenga buku lakuti. Mkazi wanga akanaona mtambo uwo akanautchula bwino. Mpaka ng'ombe zinkakudziwani. Ine ndinkati mumtima, mkazi ameneyu adzagwe m'matope tsiku lina, tione."

"Ndagwa," ndinatero.

"Eya, mwagwa bwino ndithu."

Nditathira ufa m'madzi, nkhope yake inasintha. Anagwira benchi ndi manja onse, phazi analibweza pansi pa siketi. Anati, "Iyayi. Bwererani nazo. Ng'ombe atenge wina." Sindinamunyengerere. Ndinatulutsa sizasi m'chikwama, imodzi mwa zotsala zija, ndinaiika m'dzanja lake. Ndinati, "Ndiyala chingwe pamwamba pa phazi, bandeji ipita pamwamba pa chingwe. Zala zikhala panja, muziziona. Pakangoluma, dulani motsata chingwe. Musandifunse, musandidikire."

Anaiyang'ana sizasiyo nthawi yaitali. Anati, "Bambo anga anabwera ndi mpeni, anaubweza m'thumba." Kenaka anatulutsa phazi.

Ndikupaka mafuta, chala changa chinadutsa pansi paja, pakati pa chidendene ndi zala. Anadzidzimuka n'kuseka. Ine manja anaima. Anandiyang'ana nati, "Ndi pamenepo munaswera, eti? Notburga wandiuza. Mayi, phazi lonseli ndi nkhuni. Pokhapo ndi pamene pakadali moyo. A dokotala ankapayesa ndi nthenga ya nkhuku chaka chilichonse, atatseka maso ngati akupemphera. Ndikaseka, ankapuma. Ankalemba kuti wosoka nsapato asaikepo msomali."

Mukudziwa kuti chikhakha chikamauma chimatentha. Pamenepo ndiye panali pankhondo. Thukuta linatsika, nsonga ya sizasi ili kale pachingwe. Ndinati, "Ndiuzeni za duwa lija." Anati, mano ali olumana, "Kaduwa kachabechabe. Mbuzi zimadya. Ananditengera zala ziwiri n'kundibwezera udzu wa dzina la Chilatini." Ndinati, "Ine sanandipatse ngakhale udzuwo." Anati, "Inu sanakutengereni kanthu." Tinakangana choncho, wolandidwa kwambiri ndani, mpaka ndinagogoda chikhakha ndi chikhadabo, chinalira ngati mbale. Ndinati, "Chauma. Dulani nokha." Anadula yekha, mzere wowongoka kuposa wa alongo anu.

Dzulo ndathira ufa m'chikombole. Phazi latuluka lopanda kabowo ngakhale kamodzi. Timawu ta pensulo ndalemba ndi dzanja langa, monga anandilozera mwini wake, ndi kaja ka "pano amaseka" komwe. Dzina ndalembanso, poyera. A Haberl alizunguliza m'manja, ati pa 12 Juni nsapato ikhala itatha, ndipo ndisawapumire m'khosi.

Sindiitumiza pa positi, msewu wanu sindiukhulupiriranso. Ndibwera nayo ndekha, chifukwa nsapato yatsopano imafuna woiona masiku oyamba. Ndinamufunsa Loni ngati kaduwa kaja kamakhala kutali. Akuti ndi maola atatu kuchokera kukanyumba kwa munthu wa miyendo, koma iye amatenga asanu, amapuma pamwala uliwonse. Ndinamuuza za tsiku lija ndinalira paphiri. Anati, "Munalakwa kutsata a dokotala. Aja sankadziwa kuyenda, ankangodziwa kufika."

Nsanje ikadalipo, mlamu, sindikubisirani. Akamanena za a Severin amatchula zinthu zimene ine sindinazione, ndipo pamandiwawa. Koma ndikufuna ndizimve zonse, ndipo wina wondiuza kulibe.

Mundisungire bedi lija. Kwanuko ndigonako tsiku limodzi lokha, musakwiye. Mpango uja ndauchapa, ndibwera nawo, akuti kumsipu kumazizira ngakhale mu Juni. A Haberl ndawapatsanso ntchito ya nsapato zanga zokwerera phiri. Anandiyeza dzulo lomwelo.

Mlamu wanu,
Ottilie